Vinyo Wosasefa

Ndaziona wabwera nalo botolo m'sokosi,
sokosi yaubweya, pakati pa zovala zosachapa,
kuchokera ku Moldova, dziko lomwe tinalisaka pa foni
mpaka tinalipeza litapanikizika pakati pa akuluakulu awiri
ngati mwana m'minibasi ya ku Area 25.

Magetsi azima cha m'ma sikisi.
Kandulo taimata pa chivindikiro cha ndowa.
Chotsegulira tilibe, ndiye mlamu wanga Sekerani
wapota sikuluu m'chitsekero, nakoka ndi pulaya,
botolo n'kutsokomola kamodzi.

Matambula atatu osafanana.

"Wawonongeka uyu," akutero Sekerani
atakwezera tambula ku kandulo.
"Taonani kuda kwake, ngati Lingadzi mu Januwale.
Vinyo weniweni amawala, ndinamuonapo m'shopu."

Ndaziona sakutsutsa, akungofotokoza za nkhalamba ina,
Vasile dzina lake, ya zikhadabo zakuda,
yomwe sipopera mphesa zake,
imasiya udzu kumera pakati pa mizere
nkhosa n'kumabwera kudzaumweta.
Ikathyola imaponda, ikaponda imatsekera m'chipinda chapansi,
osathira isiti wa m'paketi, osasefa,
n'kukakhala pakhonde kudikira.
Akuti anaifunsa chinsinsi chake
ndipo inangoonetsa manja, n'kuwabisa kumbuyo.

Ine ndimayeza dothi ku Chitedze.
Zaka khumi ndi zinayi ndikulemba zomwe minda ikusowa:
nayitrojeni wachepa, asidi wachuluka,
thirani chakuti, matumba akuti pa ekala.
Dothi limabwera kwa ine m'timapepala ta shuga
ngati wodwala wopanda womudikirira.

Ndalawa.
Poyamba wandimenya nsagwada ngati bwemba.
Kenako kakulumaluma pa lilime, ka thobwa logona,
kenako nthudza, kenako khola la mbuzi mvula itangokata,
ndipo pansi pa zonsezo
fungo la jekete la bambo anga.

Bambo anga, ku Malingunde,
ankapachika mbewu ya chimanga chamakolo pa utsi,
ankatuta ndowe ndi ngolo yobwereka.
Mlangizi anawalemba m'buku: wosamva.
Ine, mwana wawo wophunzira, ndinachita manyazi.
Malipiro anga oyamba ndinagula thumba la feteleza,
ndinalikweza ndekha pa matola.
Anathokoza ndi manja awiri,
naliimika pakona kuseri kwa chitseko
mpaka linauma gwa ngati mwala.
Tsiku la maliro awo munthu wina anakhalira pomwepo.

Sindikufuna kunama chifukwa cha kapu imodzi.
Chaka china nkhokwe yathu inatha mu Disembala,
tinadya mango owiritsa, mlongo wanga anatupa mapazi.
Kudikira kulinso ndi manda ake.

Koma tamvani mtengo wa botololi
m'mizinda ya kumeneko, akutero Ndaziona:
ndaniwerengera m'makwacha, ndaleka pakati.
Kusathira kanthu kwapeza kasitomala.
Kubisa manja kumbuyo kwapeza pepala lokongola
lokhala ndi nkhosa yojambula ndi pensulo.
Bambo anga sanapeze pepala.

"Timalize lero," akutero Ndaziona,
"alibe mankhwala omuteteza,
pofika Lachisanu adzakhala viniga."
Sekerani, amene anati wawonongeka,
wasendeza kale tambula yake kachitatu
maso ali kwina, ngati si dzanja lake.

Magetsi ayaka. Filiji yayamba kubuula,
kwa aneba ana akuwa ngati chigoli.
Pansi pa botolo patsala nsenga,
zakuda, zokwana supuni imodzi.
Ndazikhuthulira m'sosa,
ndazifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala
monga ndichitira kuntchito.
M'mutu mwanga fomu yatseguka yokha,
mizere yake ikudikira manambala.

Ndanyambita chala.

Botolo walipempha mkazi wa Sekerani,
akuti n'labwino kusungiramo mafuta ophikira.